Lenti yatipeza nkhokwe zili pululu: tisale chiyani?

aNangozo, Domwe

Moni abale ndi alongo nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima chichokereni ku mwambo wa Lachitatu la Phulusa pa 18 Febuluwale 2026. Kuno ku Domwe, ku Angónia mʼdziko la Mozambique, anthu anabwera ambiri kuposa Lamulungu wamba, mzere mpaka panja. Ine ndimathandiza kuphunzitsa akatekumeni, ndiye titatuluka ndinawakumbutsa ntchito zitatu za nyengo ino: kupemphera, kusala, ndi kuthandiza osauka. Mayi ena achikulire, phulusa lidakali pamphumi, anandikokera pambali nʼkundifunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga ife amene tinayamba kudya kamodzi patsiku Khirisimasi isanafike, tisale chiyani?"

Taonani mmene chaka chathu chimayendera. Lenti imayamba mu Febuluwale kapena Malichi chaka ndi chaka, ndipo kuno ndiyo miyezi imene nkhokwe zimakhala pululu. Chimanga kumunda chamasula, china chabereka, koma choti nʼkuika mʼpoto sichinafike. Ndiwo ndi nkhwani, chisoso ndi bowa, ufa ndi wogula wa patsikupatsiku. Ndikupempha nzeru zanu. Mkhristu wanjala Lenti aisunge bwanji?

aPhiri, Moatize

Zikomo mayi Nangozo poyambitsa nkhaniyi. Choyamba tiwamasule anthu, chifukwa ambiri amasenza katundu amene Mpingo sunawasenzetse. Masiku olamulidwa kusala chakudya ndi awiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo lamulolo limagwira munthu kuyambira zaka 18 mpaka 59. Kuleka nyama pa Lachisanu la mu Lenti kumayambira zaka 14. Odwala, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa sawerengedwamo. Komanso kusala kwa lamuloko si kukhala osadya ayi, ndi kudya mokhuta kamodzi patsiku, nʼkulawako pangʼono nthawi zinazo. Ndiye mayiwo ngati akudya kamodzi, adutsa kale pamene lamulo limalekezera. Auzeni asadzizunze. Mwana wawo akawabweretsera nkhuku tsiku Lachisanu, adye ndi mtima woyera.

aNangozo, Domwe

Zimenezi ndinawauza ndithu, bambo Phiri. Koma sanabwere kuti ndiwamasule. Akufuna kukhala nawo mu Lenti ngati anzawo onse. Munthu ukangomuuza kuti inu lamulo silikukukhudzani, amamva ngati wamusiya panja pa tchalitchi.

aMbewe, Ulongwe

Ndiloleni ndiponyeko mawu ngakhale ine si Mkatolika, ndine wa mpingo wa Reformada, mkulu wa mpingo kuno ku Vila Ulongwe. Ife phulusa sitidzola ndipo masiku 40 sitiwerenga monga muchitira inu, koma tsiku la imfa ya Ambuye ndi Pasaka timasunga, ndipo njala ya Febuluwale sifunsa kuti umapemphera kuti.

Tsegulani Yesaya mutu 58. Anthu akudandaula kuti tasala koma Mulungu sakuona. Mulungu akuwayankha kuti tsiku lomwelo limene mukusala, mukupondereza antchito anu. Kenaka akuwauza kusala kumene Iye amafuna: kumasula omangidwa, kugawana chakudya ndi anjala, kulowetsa mʼnyumba osowa pokhala, kuveka amaliseche. Ndifunse: mawu amenewa akupita kwa yani? Akupita kwa amene ali ndi antchito, ali ndi chakudya, ali ndi nyumba. Wanjala pamenepo sakulamulidwa kanthu, iye ndiye amene akuyenera kulandira.

Ndinene zapamudzi. Mʼmudzi uliwonse muno mu Angónia muli mabanja angapo amene nkhokwe zawo sizinathe, enafe tili mʼgulu lomwelo chifukwa cha fodya, soya kapena mbatatesi. Ino ndiyo nthawi imene timalemba aganyu. Mayi amabandira ndime yonse mwana ali kumsana, kuyambira mʼmamawa mpaka dzuwa paliwombo, ife nʼkumupatsa kambale ka madeya. Munda wake womwe wasiya thengo kuti adzalime wathu, ndiye chaka chamawa adzabweranso. Lamulungu tikhala benchi limodzi. Kunena zoona, funso la mayi a ku Domwe likuyenera kutisowetsa tulo ndife, osati iwo.

aNabanda, Chingodzi (Tete)

Atate Mbewe mwalasa. Kuno mu mzinda Lachisanu anthu timaleka nyama ya ngʼombe kapena ya mbuzi, nʼkukagula pende wamkulu wa mu Zambezi. Ndalama yotuluka mʼthumba ndi yomweyo, mwinanso kuposa. Ine chaka chino Lachisanu ndikudyera kapenta kapena nyemba, ndipo ndalama imene ndikanagulira ndiwo zabwino ndimaitumiza tsiku lomwelo pa M-Pesa kwa azakhali anga ku Tsangano. Ndimatumiza tsiku lomwelo dala. Ikagona mʼfoni, mawa lake yapita ku chapa (minibasi) ndi ku magetsi.

aNkhoma, Furancungo

Ine funso langa ndi lina. Kalendala imeneyi inabwera ndi azungu, inakonzedwa molingana ndi nyengo zakwawo. Bwanji ife osasuntha Lenti kuti idzigwa Julayi kapena Ogasiti, pamene aliyense ali ndi chakudya ndipo kusala kungakhale kwa tanthauzo? Tikungotsatira za eni osafunsa.

aPhiri, Moatize

Achimwene Nkhoma, Lenti siyenda yokha, imakokedwa ndi Pasaka, ndipo Pasaka sinayambire ku Ulaya. Ambuye anafa pa nthawi ya Paskha wa Ayuda, amene amawerengedwa potsata mwezi wakumwamba. Akhristu oyamba anakangana kwambiri za tsiku lake, mpaka msonkhano wa ku Nicaea mu 325 unagamula kuti onse azichita tsiku limodzi. Lamulo limene timatsata ndi lakuti Pasaka ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi. Nʼchifukwa chake imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Chaka chatha inali pa 20 Epulo, chaka chino ili pa 5 Epulo. Amene mumapita ku Misa ya usiku wa Pasaka mumaona nokha kuti usiku wa sabata imeneyo mwezi umakhalapo.

Koma ine ndikuti kalendala imeneyi imatikwana ife kuno mwinanso kuposa iwo. Adiventi imayamba kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala. Tili kuti nthawi imeneyo? Mizere takonza, mbewu tagula kapena tabzala kale, maso onse ali kumitambo. Yakobo 5 ndime 7 amatiuza kudikira kubwera kwa Ambuye monga mlimi adikira mvula yoyamba ndi yomaliza. Mawu amenewa ukawerengera mlimi wa ku Macanga mu Disembala sufunikanso kulalikira. Pasaka imafika dowe ndi maungu zitayamba, ana ayambanso kusewera panja madzulo. Paulo pa 1 Akorinto 15 ndime 20 amatchula Khristu wouka kwa akufa kuti ndiye chipatso choyamba, ndipo Levitiko 23 amanena kuti mʼsabata ya Paskha Aisraele ankapereka kwa Mulungu mtolo woyamba wa zokolola zawo. Pentekoste nayo inali chikondwerero cha kukolola tirigu, mbewu imene anzathu a ku Tsangano amaidziwa bwino. Chaka chino igwa pa 24 Meyi, ife tili kalikiliki kusanja mikukwe ndi kututa. Ndiye Lenti kugwa mʼnthawi ya njala ine sindikuona ngati ngozi. Ikugwa pamene pakufunikadi kuti wokhuta akumbukire mnzake. Mu Julayi aliyense ali ndi chake, ungagawane ndi yani?

aNkhoma, Furancungo

Mwafotokoza bwino ndipo za mweziwo ndamva. Koma si chaka chilichonse chimene Pasaka imabwera ndi dowe. Mu 2024 inagwa pa 31 Malichi, chaka cha ngʼamba ija ya El Niño. Ine nthawi imeneyo ndinali pa ntchito cha ku Changara. Chimanga chinaumira mʼmunda chisanabereke, ukachigwira chimangofumbutuka mʼmanja. Anthu anaimba Aleluya mʼmimba muli gwa. Chigawo chathu cha Tete si Angónia yokha, kumwera kwa Zambezi mvula ndi yochepa chaka chilichonse. Tisamalumikize kwambiri kuuka kwa Ambuye ndi zakumunda, chifukwa chaka chimene munda wakana, munthu adzayesa kuti Mulungunso wamukana.

aMbewe, Ulongwe

Apa ndikugwirizana ndi achimwene Nkhoma. Khristu anauka, kaya mvula yagwa kaya yakana.

aPhiri, Moatize

Pamenepo palibe mkangano, atate. Zakumunda zimangotithandiza kumva, sizimene zinagubuduza mwala.

aJere, Lifidzi

Ndine mdzukulu wa agogo aJere. Ndawawerengera zonse mwalembazi, ndipo akuti ndilembe mawu awo mmene akuyankhuliramu.

Ana anga, nkhani mukukambayi ife tinaidutsa. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ansembe ambiri anachoka. Tsiku la 25 Disembala pa kalendala ya boma linasanduka tsiku la mabanja, mpaka lero ndi mmene limalembedwera. Mu 1977 Mpingo unasonkhana ku Beira nʼkugwirizana kuti akhristu eni ake mʼmidzi agawane ntchito: wina wotsogolera mapemphero, wina wophunzitsa, wina woyendera odwala, wina woona za maliro. Zimenezi ndizo zinatisunga nkhondo yapachiweniweni itafika. Pa 30 Okutobala 1985 anatiphera ansembe athu awiri a Chijezwiti ku Chapotera, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira. Pambuyo pake ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Tisanathawe, Lenti ina inafika kulibe wansembe. Wotsogolera wathu anauza aliyense kuti abweretse kanjedza wa chaka chatha, uja timatsomeka kudenga. Anamuwotchera mʼphale pansi pa mtengo, nʼkudontheza timadzi, nʼkutilemba pamphumi ndi chala chake. Panalibe amene anafunsa zosala chakudya, chifukwa tonse tinali ndi njala. Koma panali mayi ena amasiye, osauka kutiposa tonse, amene anasankha nkhalamba ina yakhungu. Lenti yonse ankaitungira madzi, kuitolera nkhuni ndi kuisinjira kachimanga kamene abale ake ankabweretsa. Sanatapepo ngakhale kadzanja kamodzi. Imeneyo ndiyo inali Lenti yawo, ndipo palibe amene akanati iwo ali panja.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi, tinayamba kubwerera. Lenti yovuta kuposa zonse inali yoyamba titabwerera. Pa Njira ya Mtanda unkagwada pafupi ndi munthu amene ukudziwa kuti analozera anthu a mfuti nyumba ya mʼbale wako. Chakudya ukhoza kuchileka tsiku limodzi. Kuleka kubwezera tinaphunzira zaka.

Mayi a ku Domwewo muwauze kuti njala yawo aipereke kwa Ambuye mʼpemphero, chifukwa Iyenso anamva njala mʼchipululu. Ndipo muwapatse ntchito pa mphakati. Munthu amene wapatsidwa ntchito samadziona ngati wopempha.

aNabanda, Chingodzi (Tete)

Agogo, zikomo. Ndawerenga kawiri. Ife obadwa nkhondo itatha zambiri sitizidziwa.

aNangozo, Domwe

Zikomo agogo aJere, Mulungu akusungeni. Mawu akuti muwapatse ntchito andithandiza kwambiri. Mayiwo amadziwa khomo lililonse la mʼmudzi mwawo, amadziwa amene wagona ndi njala ngakhale mwini wake akubisa. Ndikambirana nawo za kuyendera odwala.

Koma ndibwerere kwa atate Mbewe, chifukwa mawu anu aja andisautsa. Kudzudzula olemba aganyu nʼkoyenera, koma Lenti ikatha zinthu zidzabwerera mwakale. Vuto limayambira mu Meyi. Tikangokolola, mavenda afika ndi masikelo awo mpaka mʼmidzi, ndipo timagulitsa motchipa chifukwa pakufunika sopo, mchere, ngongole ya feteleza. Chimanga chomwecho timakachigulanso mu Febuluwale pa mtengo wokwera. Ena amatenga katapila, lata imodzi lero kudzabweza zambiri pokolola, ndiye amayamba chaka ali kale mʼdzenje. Maganizo anga ndi awa: bwanji pa nthawi ya masika mphakati uliwonse upatule gawo la chimanga, lisagulitsidwe, lisungidwe mpaka Lachitatu la Phulusa? Kupatsa nʼkuika. Chopereka cha pa Pentekoste chidzadyedwe mu Lenti yotsatira.

aMbewe, Ulongwe

Mayi, ganizo limeneli ndi labwino koma ndikuchenjezeni za minga yake, chifukwa masika ife timawadziwa. Mpingo wathu unayambira ku Mphatso mu 1909, ndipo boma la Apwitikizi litatseka mamishoni athu mu 1922 akhristu anakhala zaka zambiri akudzisamalira okha. Mwina nʼchifukwa chake anthu athu pa masika salephera, amabwera ndi matumba pa njinga ndi pa ngolo, amayi atasenza malichero a nyemba akuimba. Koma zokololazo zili ndi ntchito kale. Ndizo zimathandiza abusa, kukonza denga la tchalitchi, ndi zopereka za ku sinodi. Ndikhulupirira kwanunso parishi imadalira zomwezo. Mukangoti tipatuleko, akuluakulu adzati mukulanda za Mulungu. Ndiye chikhale chopereka chapadera, chodziwika kuyambira pachiyambi kuti ichi nʼcha anjala a mʼmudzi muno.

Chachiwiri ndi anankafumbwe. Kuchokera Juni mpaka Febuluwale ndi miyezi yambiri, chimanga chosasamalidwa mudzapeza ufa wokhawokha pansi pa thumba. Chachitatu, chimene chimapha zinthu ngati izi, ndi kiyi. Mʼmudzi wina cha kuno anayesapo, chimanga chinasungidwa kunyumba kwa munthu mmodzi. Disembala atafika, mwana wake anadwala, iye anatapako thumba limodzi akuti adzabweza. Sanabe ayi, anapanikizika. Koma mbiri itamveka, chaka chotsatira palibe anabweretsa kanthu.

aNkhoma, Furancungo

Za anankafumbwe njira ilipo. Kuli matumba aja okhala ndi mapulasitiki mkati, osalowa mpweya. Chimanga chikauma bwino nʼkumanga molimba, tizilombo timafera momwemo popanda mankhwala. Ofunika kuwasamala ndi makoswe okha, matumba akhale pa thandala, asagunde khoma. Ine chodandaula changa ndi china: ndani adzalandire? Mukangoti a mphakati okha, ndiye wa Reformada woyandikana naye nyumba, wa Zioni, kapena uja wa ku dambwe amene sapemphera, muwadutsa? Ngati nʼchoncho ine sindiponyamo ngakhale chitsononkho.

aPhiri, Moatize

Funso limenelo Ambuye analiyankha kale pa nkhani ya Msamariya. Wanjala ndi wanjala. Koma kaundula alembedwe poyera, anyakwawa adziwe, kuti pasadzakhale zoti agawana pachibale.

aNabanda, Chingodzi (Tete)

Ife a mʼtauni tilibe minda, koma matumba osalowa mpweyawo tikhoza kugula ndife. Pagulu pano tilipo ambiri ochokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amene tikugwira ntchito ku Tete ndi ku Moatize. Ndalama za ndiwo za Lachisanu zimene zatsala mu Lenti ino tikaziphatikiza, matumba angapo apezeka. Koma mayi Nangozo, zimenezi ndi za chaka chamawa. Nanga amene akugona ndi njala usiku uno?

aMbewe, Ulongwe

Mwana wanga, za usiku uno zili mʼmanja mwa ife amene tili ndi nkhokwe. Ine ndayankhula ndi mayi akunyumba. Aliyense wogwira ganyu mʼmunda mwathu kuyambira mawa adzidya nsima masana asanaweruke, ndipo malipiro akhale chimanga chenicheni, osati madeya. Aziweruka dzuwa lisanapendeke kuti akagwireko munda wake. Lamulungu ndikanena zomwezi pa bwalo la akulu a mpingo. Ena sadzakondwa, ndikudziwa, chifukwa adzati ndikuwonongera anzanga mtengo wa ganyu.

aJere, Lifidzi

Agogo akuti pa za kiyi: maloko akhale awiri, makiyi kwa anthu awiri a mabanja osiyana, mmodzi akhale mayi. Ndipo chimanga chisasungidwe mʼnyumba ya munthu.

aNangozo, Domwe

Ndalemba zonse mʼkope. Mphakati wathu umakumana Lachinayi madzulo, ndikazitula kumeneko, kenaka tikapite nazo kwa bambo mfumu ndi ku khonsolo ya parishi Pasaka isanafike, kuti pofika nthawi yokolola anthu akhale atamva kale. Ku kachalichi kathu kuli kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka, kakhoza kukwana tikakonza chitseko. Atate Mbewe, ngati nʼkotheka mutitumizire mkulu mmodzi wa mpingo wanu wa kuno ku Domwe adzakhale nafe pa zokambiranazi, popeza olandira adzakhala a mipingo yonse. Achemwali Nabanda, mufunse mtengo wa matumbawo ku Tete, ine ndifunsa ku Ulongwe Loweruka, tione kotchipa.

aMbewe, Ulongwe

Ndimuimbira foni madzulo ano. Mundiuze nthawi yeniyeni ya Lachinayilo, chifukwa amakhala kutsidya kwa mtsinje ndipo masiku ano madzi ndi ambiri, ayenera kunyamuka msanga.